A Sekondi ndi Galimoto Yolira Pamtsetse Pokha

"Ndiye phirilo tilimange m'katundu tipite nalo?" anafunsa akazi awo a Sekondi, akukulunga makapu m'nyuzipepala zakale. "Ndiuzeni msanga, bambo, ndikafune katoni yaikulu."

A Sekondi anali pa mpando umodzi wokha womwe unatsala wosamangidwa, akutembenuza kiyi wa galimoto m'manja.

"Mwini nyumba wagulitsa nyumba yake, mwezi ukatha tikhale titatuluka. Yathu ija yafoleredwa, zitseko zilipo. Anthu ena bwenzi akuvina. Inu mwangoti ndwii ngati mwalandira uthenga wa maliro."

"Kuja n'pathyathyathya, mayi."

"Nanga pulotiyo anasankha ndani?"

"Nthawi imeneyo galimoto inkalira ndi kiyi."

Mayiwo anaika kapu pansi. "Ndiye pitani nayo kwa mlamu wanu. Galaja ali nayo, manja ali nawo. Kapena mukufuna tizikadya makoma?"

A Sekondi ntchito yawo ndi yogawa buledi. M'mawa uliwonse amakapakira matileyi ku bekale n'kuyamba kuzungulira m'magolosale, ndipo dzuwa likamafika pamutu amakhala atamaliza. Bekale sidikira munthu. Ukalephera kufika, matileyi ako amanyamula wina, ndipo winayo akawakonda masitolo akowo sabweza. Vani yawo ndi yoyera, kapena tinene kuti inali yoyera, ndipo ndi yaikulu kubadwa kuposa mwana wawo woyamba. Kwina kwake galimoto yotere bwenzi ataiphwanya kalekale n'kupangamo zitini. Kuno galimoto siifa, imangosintha matenda, mwini wake n'kusintha nayo makhalidwe.

Nthenda ya vaniyi inabwera mwakachetechete. Inayamba kufooka pokwera zitunda, kenako kumwa oyilo ngati tiyi, kenako m'mawa wina inangokana kulira. Sitata inkapukusa ndithu, nyee nyee nyee, koma injini osagwira. Mwamwayi nyumba yalendi inali pamwamba pa msewu wotsetsereka. A Sekondi anatsegula kiyi, kumasula handibuleki, kuponda kilatchi, kuika giya ya sekondi. Galimoto inayamba kutsika yokha ngati ng'ombe yopita kumadzi, ndipo pofika pa mpopi wa pakona anamasula phazi. Inagwedezeka, inatsokomola, inalira. Tsiku lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Zaka zinapita. Anthu anawatcha dzina la giya ija, dzina lawo lenileni n'kutsalira pa laisensi.

Munthu wina aliyense m'mutu mwake mumakhala mayina a misewu. M'mutu mwa a Sekondi munali potsika ndi pokwera basi. Wometa tsitsi anamusankha chifukwa kanyumba kake kali pa chitunda, ngakhale amameta mopotoka. Kutchalitchi ankaimika galimoto kutali kuseri kwa sukulu n'kufika nyimbo yoyamba itatha, thukuta lili kamukamu. Pa masitolo a pamalo osalala sankazimitsa injini. Ankatsitsa buledi mothamanga n'kuthawa moni ali pakati, mpaka eni masitolowo anagwirizana kuti bambo aja ndi odzimva. Mlongo wawo weniweni, amene amakhala kudambo, anazolowera kucheza nawo kudzera pawindo la galimoto, akukuwa kuti apose phokoso.

Panalinso kamwambo kena. Dalaivala wokalamba amene anawaphunzitsa ntchito anawasiyira lamulo: pulagi sabwezera pouma. Ukachotsa pulagi, thira kasupuni ka oyilo m'bowomo, kenako bwezera. Chifukwa chake sanawauze, ndipo iwo sanafunse, pakuti masiku amenewo wophunzira sankafunsa. Anangoona okha kuti m'nyengo yozizira, pamene ngakhale mtsetse unkalephera, kasupuniko kankadzutsa galimoto. Botolo ndi supuni zinkakhala pansi pa mpando.

Ku galaja ya mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo, anali asanapiteko ndi vaniyi. Chifukwa choyamba, bwalo lake ndi losalala ngati tebulo. Chachiwiri, pakamwa pa mlamuyo.

"Eee! Lero kugwa matalala!" anakuwa mlamuyo, mutu wokha utatuluka pansi pa lole ya munthu wina. "Alamu atsika! Mwasochera, kapena phiri lakupitikitsani?"

"Ndangoti muione pang'ono. Sikuti ikudwala kwenikweni."

"Onse amatero, ngakhale obwera chokokedwa. Zimitsani."

"Ndizimitse?"

"Nanga ndiyeza ikuthamanga?"

A Sekondi anayang'ana uku ndi uku. Paliponse panali pofanana. Anazimitsa.

Mlamuyo anamva nkhani yonse ali chigonere pansi pa lolepo, akuseka m'malo osayenera kuseka. Kenako anati akuganiza kuti ndi kompuleshoni. "Pisitoni ikamakwera imafinya mpweya ndi petulo, alamu. Ikafinya kolimba, moto wa pulagi umagwira. Koma mpweyawo ukamathawira penapake, mungapukuse mpaka mawa. Mtsetse wanuwo umangozunguza injini mwachangu kuti mpweya usapeze nthawi yothawa. Chotsani mapulagi onse anayi ikadali yotentha, ndikubwera ndi geji yoyezera mphamvu ya mpweyawo."

A Sekondi anachotsa mapulagi n'kuwandanda pa kansalu, iliyonse moyang'anana ndi bowo lake. Kenako dzanja linapita lokha pansi pa mpando. Supuni imodzi m'bowo loyamba, ina m'lachiwiri, mpaka onse anayi. Anapukuta podontha. Sanabise, kungoti panalibe amene ankayang'ana, ndipo sichinali chinthu choti n'kuuza munthu, monga momwe sulengeza kuti wasamba m'manja. Mumtima ankamvanso bwino pang'ono. Wopita kuchipatala amayamba wasamba n'kuvala malaya abwino, safika kwa dokotala ngati wotoledwa m'ngalande.

Mlamu uja anabwera akukankha wilibala, m'menemo muli batire lake ndi mawaya awiri okhuthala. "Lanulo sindilikhulupirira," anatero, akumanitsa mawayawo. Anapotokolera paipi ya geji m'bowo loyamba. "Pondani moto mpaka pansi. Pukusani!"

Injini inazungulira yopanda mapulagi, fu fu fu fu, ndipo m'mabowo enawo munatuluka timadontho takuda n'kumuwaza kumaso. Iye anatukwana pang'ono, napukuta ndi mkono, maso ali pa geji. Kamuvi kanalumpha n'kukaima pamwamba. Anasunthira pa silinda yachiwiri. Pamwamba. Yachitatu, yachinayi, chimodzimodzi.

Anagogoda galasi la geji ndi chala. "Alamu, injini iyi ndi ya mnyamata wosakwatira."

"Ndiye kuti ili bwino?"

"Geji ikutero. Koma oyilo wandilavulirayu akuchokera kuti? Mwina akudontha kuchokera kumwamba, m'timalabala ta mavavu. Bwezerani mapulagi tione."

Anabwezera. A Sekondi anatembenuza kiyi mosayembekezera kanthu, ndipo vani inalira pomwepo, pa bwalo losalala, n'kutulutsa utsi wabuluu womwe unaphimba lole, galaja ndi mayi wina wogulitsa nthochi kutsidya kwa mpanda. Anthu anaseka. A Sekondi nawo anaseka, mochedwa, osadziwa ngati apambana kapena agwidwa bodza.

M'mawa mwake, pamwamba pa chitunda, anayesa kiyi. Nyee nyee nyee. Anayesanso. Anamasula handibuleki.

Apa m'pamene mitu inaima. Mlamu uja anatsuka kabuleta, anasintha mapulagi, anakonza nthawi ya moto. Anawauzanso a Sekondi kuti achotse mapulagi iye akumaliza ntchito ina, anayezanso, kamuvi kanakweranso, oyilo anamuwazanso, galimoto inaliranso ndi utsi wake. Kunyumba, zii. Mlamuyo anayamba kukayikira geji yake n'kukabwereka ya mnzake, koma nayo inanena zomwezo. Kenako anayamba kukayikira a Sekondi.

"Kodi kiyi mumatembenuzira mbali iti, alamu? Musachite manyazi, ukalamba umayambira patali."

A Sekondi nawo anayamba kudzikayikira. Ankakumbuka ana awo ali aang'ono, momwe thupi linkatenthera kunyumba n'kuzizira pakhomo pa chipatala, namwino n'kumakuyang'ana ngati wabwera kudzacheza. Kodi galimoto ingaope mlamu? Kodi mwina vuto ndi mphepo ya pa chitunda paja, ndiye kuti kunyumba yatsopano izikalira yokha? Tsiku lina atamaliza kugawa anapita ku nyumba yatsopanoyo, anaima pabwalo injini ikulira, dzanja lili pa kiyi. Anayang'ana msewu. Kumanja kosalala, kumanzere kosalala, ndipo oyandikana nawo ndi agogo awiri ndi mphunzitsi wamkazi woyenda ndi ndodo. Wokankha panalibe. Sanazimitse.

Kunyumba yalendi makatani anali atatsika kale. Mawu ankamveka ngati m'chitini.

Ulendo wachitatu akazi awo anapita nawo, kuti akapemphe mchimwene wawoyo lole yosamukira. Anakhala pa mpando wakale wa basi womwe uli pansi pa mthunzi, chikwama pamiyendo, akuonerera amuna awiri akuzungulira galimoto ngati ofuna khomo la nyumba yopanda khomo. Geji inali itangonena kachitatu kuti zonse zili bwino.

"Iwe, kodi sukulu ya umakanika ija unamaliza?" anafunsa mayiwo.

"Achemwali, musandiyambe. Zizindikiro zonse ndi za kompuleshoni. Kufooka pa chitunda, kumwa oyilo, kukana kulira. Koma kamuvi aka kakukana." Anatembenukira kwa a Sekondi, akuwerenga pa zala zakuda. "Mvetsani, alamu. Kakanatsika pa masilinda awiri oyandikana, ndikanati gasiketi yapsa pakati pawo. Kakanatsika pena paliponse, ndikanathira kasupuni ka oyilo m'bowomo n'kuyezanso. Kakapanda kusuntha, ndiye kuti mavavu sakutseka. Kakakwera, ndiye kuti maring'i a pisitoni atha, chifukwa oyilo amamata mpata uja kwa kanthawi, injini n'kuoneka ngati yatsopano. Koma nanga ndithira bwanji oyilo pamene kamuvi kali kale kumwamba?"

A Sekondi anayang'ana mabowo anayi aja. Anayang'ana madontho akuda pa ovolosi ya mlamu wawo.

"Supuni yake," anafunsa motsitsa mawu, "yaikulu kapena ya tiyi?"

"Iliyonse. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa. Nanga munthu atathira asanayeze?"

"Munthu wake uti wopenga ameneyo?"

Mlamu uja anawayang'ana a Sekondi nthawi yaitali, kenako anatsegula chitseko cha vani, anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kutulutsa botolo ndi supuni. Anazikweza m'mwamba ngati wapolisi.

"Maulendo onse atatu?"

"Pulagi sabwezera pouma," anatero a Sekondi, koma mawuwo anatuluka opanda mafupa.

"Imeneyo ndi supuni yanga ya shuga!" anakuwa mayi aja kuchokera pa mpando wa basi. "Ndinathamangitsa mtsikana wantchito chifukwa cha masupuni amenewo!"

Mlamuyo anakhala pansi pa tayala, anagwira mutu, mapewa akugwedezeka. Sizinkadziwika ngati akuseka kapena akulira. "Ine kutsuka kabuleta! Ine kukabwereka geji kwa munthu amene sindilankhula naye! Alamu, mwabwera ndi wodwala kuchipatala mutamupaka ufa kumaso, ndiye mukuti dokotala sadziwa ntchito?"

"Simunandiuze kuti ndisathire."

"Sindinakuuzeninso kuti musathiremo mchere!"

Anabwezera mapulagi, mlamuyo anayendetsa yekha vani kuzungulira msika mpaka utsi wabuluu unachepa. Atabwerako analoza mpando wa basi. "Khalani apo pafupi ndi akazi anu. Manja pa mawondo. Achemwali, akasuntha mundiuze." Anachotsa yekha mapulagi, anaitana makanika mnzake kuti apukuse.

Kamuvi kanakwera mwaulesi, ngati munthu wodzutsidwa kutulo, n'kuima pakati. Silinda yachiwiri, pakati. Yachitatu kanangodzuka pang'ono n'kukhala pansi. Yachinayi, pakati. Kenako mlamu uja anatenga supuni ya shuga ija, anathira m'bowo lachitatu, anayezanso. Kamuvi kanalumpha.

"Maring'i," anatero. "Onse atha, koma apa pachitatu pali zina."

A Sekondi anayang'ana geji, mutu utapendekeka. Chinkawasokoneza n'chakuti palibe amene ananama. Nkhalamba inawaphunzitsa ntchito ija inanena zoona, oyilo ankadzutsadi galimoto. Geji nayo inanena zoona. Iwonso sananame. Nanga sabata yonseyi inatayika bwanji pakati pa anthu onena zoona okhaokha?

"Ndiye oyiloyu amachiritsa kapena amanamiza?"

"Ndi ndodo ya nkhalamba, alamu. Imakufikitsani kumsika, koma mwendo ndi womwe uja."

Injini anaitsegula tsiku lotsatira. Anachotsa hedi yovundikira injini pamwamba, anatsitsa sampu yosungira oyilo pansi, mapisitoni anatuluka amodziamodzi, akuda ngati miphika. Maring'i anali atapyapyala, m'mphepete mwake mwakuthwa ngati lezala, ndipo ya pa pisitoni yachitatu inagwera m'dzanja la mlamuyo ili zidutswa ziwiri. Makoma a masilinda anali osalala ngati galasi koma osakumbika kwambiri, choncho anati sipafunika kukawakulitsa ku makina, angowakwecha pang'ono kuti maring'i atsopano apeze pogwira. Poti hedi inali kale pa tebulo, anaperanso mavavu n'kuika gasiketi yatsopano. A Sekondi ankabwera masana aliwonse kudzaima pambali, manja kumbuyo, poti analetsedwa kukhudza chilichonse. Kuona vani yawo ili pululu chotero kunkawachititsa manyazi, ngati alowa m'chipinda mwa apongozi.

Buledi wa masiku amenewo anawanyamulira mnzawo wina wogawa, iwo atakhala mbali ya pasenjala kuti masitolo awo asawaiwale. Munthuyo ankazimitsa galimoto paliponse. Pa sitolo, pa mphambano, ngakhale pofuna kungogula machesi. Nthawi iliyonse a Sekondi ankagwira chitseko mwamphamvu. Pa golosale ina ya pamalo osalala, mwini wake anawapatsa mpando, ndipo anakhala, osadziwa kuti anthu amakamba chiyani moni akatha.

Kusamuka kunachitika ndi lole ya mlamu, vani ikadali m'zidutswa.

Tsiku loitenga, mlamuyo anailiza ndi batire lake lija, anaimvetsera, anawapatsa malamulo. Osaithamangitsa, osaisenzetsa kwambiri mpaka maring'i akhazikike, oyilo asinthidwe msanga. "Ndipo supuni ija ndawabwezera eni ake. Mukaigwiranso ndikuitanirani ankhoswe."

A Sekondi anayendetsa pang'onopang'ono mpaka kunyumba yatsopano. Injini inkamveka yachilendo, yolimba, ngati ya munthu wina. Akazi awo anali pakhonde pakati pa makatoni osamasula. Analowa pabwalo, anaima, anapuma kwambiri, anazimitsa.

"Iyeseni," anatero mayiwo.

"Ipume kaye."

"Iyeseni, bambo. Mawa kuli buledi."

Anatembenuza kiyi. Tche. Kamodzi kokha. Osati nyee nyee wa masiku onse, koma tche, kenako zii. Anayesanso. Tche.

Anakhala momwemo manja ali pa chiwongolero. Nthenda yakale ankaidziwa mawu ake, ankadziwa ndi mankhwala ake. Iyi inali yatsopano, ndipo inabwera pamene injini inali itachira. Anatuluka, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Agogo a nyumba yoyandikana anawaweyulira dzanja mwansangala.

Mayi aja anali ataimba kale foni. "Iwe, galimoto yako ija yafa." Anamvetsera, kenako anaika foni pa khutu la amuna awo.

"Ikuti nyee kapena ikuti tche?" anafunsa mlamuyo.

"Tche."

"Ndiye si injini imeneyo. Tsegulani boneti, muone pamene waya wamkulu wagwira batire. Pali chiyani?"

Panali chibumi cha ufa wobiriwira, ndipo pansi pake teminolo yong'aluka, yomwe inkagwira mutu wa batire chifukwa cha msomali umene a Sekondi anakhomerapo chaka chomwe sakuchikumbuka.

"Pali msomali," anatero.

"Msomali." Mlamuyo anapuma mokweza. "Injini yakale ija inali yofewa, alamu, ngakhale moto wodutsa pa msomali unkaizunguza. Iyi ndi yolimba, ikufuna moto wonse. Ku galaja kuno sizinaoneke chifukwa tinkailiza ndi batire langa. Palani ufawo, mupotokole teminoloyo igwire, wina apukuse. Kenako mukagule yatsopano lero lomwe, musandichititse manyazi."

Anapala ndi mpeni wa kukhitchini. Anakanikiza teminolo ndi chala chachikulu. Wopukusa panalibe wina koma akazi awo, amene pa zaka zonse za ukwati anali asanakhalepo pa mpando wa dalaivala. Anakwera atakwinya chitenje, anafunsa kuti kiyi apotokolere kuti, anapotokola.

Vani inalira. Popanda kutsokomola, popanda utsi, pa bwalo losalala.

Mayiwo anachita mantha n'kukweza manja onse m'mwamba. "Ndiizimitse bwanji? Bambo! Ndiizimitse bwanji?"

Anazimitsa, analizanso. Anazimitsa, analizanso, a Sekondi chala chili pa teminolo, mpaka mphunzitsi wa nyumba inayo anasuzumira pa mpanda kuti aone ngati kwabwera anthu abwinobwino.

Ku sitolo ya zida za galimoto anapita wapansi, poopa kuti msomali ungagwe m'njira. Mtsikana wa pa kauntala anawafunsa kuti akufuna teminolo ya mbali iti, ya kumoto kapena inayo, chifukwa mitu ya batire siyofanana, wina ndi wonenepa pang'ono. A Sekondi anatsegula pakamwa. Batire limenelo analiyang'ana m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo chala chawo chinali chikadali chobiriwira ndi ufa wake. Anatseka maso kuti alione. Ankangoona msomali.

"Ndipatseni zonse ziwiri, mwanangu."

Mtsikanayo anafuna kuzikulunga pamodzi, koma iwo anakana. Yonenepa anaiika m'thumba la kumanja, inayo la kumanzere, ndipo anayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba manja ali m'matumba, atazifumbata kuti zisasokonezeke.